Madzi akubwera usiku wokha koma ndalama yake yakwera, ndikadandaule kuti?

Membala wobisa dzina:
A admin ndibiseni dzina chonde, pagulu pano pali azilamu anga.

Abale ndithandizeni maganizo, mutu waima. Chiyambireni kutentha kuno madzi kwathu akubwera pakati pa usiku, tambala asanalire amakhala atapita. Masiku ena mpopi umangofwenthera mpweya basi. Akuti ndi chilala, kumene amatunga kwaphwa, ndiye akugawa mosinthanasinthana. Zimenezo sindikutsutsa, mvula tonse tinaiona mmene inagwera. Chikundipweteka n'chakuti ndalama ya madzi mwezi uno yakwera pafupifupi kuwirikiza. Madzi ake ati?

Ine ndimaphika mandasi, madzi ndi mpamba wanga. Usiku ndimadzuka ndekha kukatchera zigubu, abambo akunyumba ali mkonono, koma m'mawa woyamba kufunsa madzi osamba ndi iwowo. Pakhomo pano palinso mwana wa alamu anga amene anabwera kudzaphunzira, mtsikana wamkulu ndithu, amasamba ndowa yodzaza m'mawa, ina madzulo, ukamuuza amakaimbira foni mayi ake kuti ndikumuzunza. Ndiye pali mayi wina woyandikana naye khomo, amasuntha zigubu zanga pamzere n'kuikapo zake, beseni langa lobiriwira linasowa mwezi watha ndipo ndikudziwa kumene lili. BP yanga sikutsikanso.

Chonsecho kumtunda kuno, kumipanda, kapinga ali biriwiri, ndipo pamalo otsukira galimoto pamsewu paipi sipuma. Kodi a madziwa amawayang'anira ndani? Alipo amene amaona ngati akugawa mwachilungamo? Ndikadandaule kuti?

Nachisale:
Pepani amayi. Koma simunatiuze, muli mzinda uti? Nanga mita yanu ndi ya mayunitsi kapena ija amabwera kudzawerenga?

Mzika Yokwiya:
Amayi, funso lanu lomalizalo ndi limene Amalawi sitifunsa, n'chifukwa chake tikuvutika. Magetsi ndi mafuta a galimoto ali ndi MERA. Mafoni ndi mawailesi ali ndi MACRA. Nanga madzi a m'mipopi? Mabungwe a madzi alipo asanu, la Lilongwe, la Blantyre, la Kumpoto, la Pakati ndi la Kummwera, ndipo amayendera lamulo la Waterworks Act la 1995. Onsewo ndi a boma. Akuluakulu a bodi amasankhidwa ndi boma. Akafuna kukweza mitengo amakapempha kuboma komweko. Mwini sitolo ndi yemweyo, woyesa sikelo ndi yemweyonso. Inu ndi ine timalowa pati? Wina anena kuti kuli National Water Resources Authority. Iliko, koma ntchito yake ndi zilolezo zotunga madzi m'mitsinje ndi kukumba mijigo, osati bilu ya mayi wophika mandasi. DZUKANI ABALE.

Wakabaza Wapatauni:
Za madzi tiziona kaye pambuyo. Madalawo bwanji sakudzuka? Mawa muwapatse ndowa yopanda kanthu ndi sopo, muone ngati usiku wotsatira sakhala oyamba pampopi.

Mayi a Mvano:
Mwanawe, nkhani za m'nyumba sitiyanika pabwalo. Mwabisa dzina koma beseni lobiriwira mwalitchula, azilamu anuwo akuzindikirani kale. Mwana wa mlamu ndi mwana wanu, muphunzitseni mwachikondi. Ndipo tonsefe tigwade tipemphe mvula, chifukwa damu silidzazidwa ndi makalata.

Mzika Yokwiya:
Amayi a Mvano, ndi ulemu wonse, kupemphera tikupemphera. Koma paipi yophulika pamsewu imene imataya madzi sabata yathunthu anthu akungoidumpha, nayonso tiipempherere? Mulungu anatipatsa nyanja ndi mitsinje, chatsala ndi anthu ogwira ntchito ndi anthu owafunsa.

Mayi a Mvano:
Bambo, sindinanene kuti asafunse. Ndati alemekeze banja lawo. Muziwerenga musanayankhe.

Plamba wa ku Chilomoni:
Asisi, musanapite kulikonse yesani izi. Tsiku limene madzi abwera, tsekani mipopi yonse, lembani manambala a pa mita, dikirani ola limodzi osatunga, mukawerengenso. Akasintha ndiye kuti penapake pakudontha, kawirikawiri ndi thanki ya chimbudzi kapena paipi ya pansi pa nthaka. Chachiwiri, nthawi yogawa madzi ngati ino m'mapaipi mumadzaza mpweya. Madzi akamabwerera amakankha mpweyawo, ndipo mpopi ukakhala wotsekula mita imazungulira ngakhale simunatunge kanthu. Ndiye madzi akapita tsekani pa stopcock, chotsekera madzi chija chili pafupi ndi mita, mudzatsekule akabwera. Chachitatu, ndipo ichi ndi chimene ndimachipeza kwambiri m'makomo: anthu amasiya mpopi wotsekula kuti amve madzi akafika, kenako tulo n'kuwaba. Madzi amatayika usiku wonse, mita ikuwerenga. Bilu zambiri za m'chilimwe zimakwera chonchi.

Mnyamata wa pa Ndirande:
Ngati muli ku Blantyre asakunamizeni za chilala. Madzi ambiri a mzinda uno amachokera mu Shire, pa Walker's Ferry, mtunda wa makilomita pafupifupi 40, ndipo amachita kuwapopa kukwera mamita pafupifupi 800, kudzera pa Chileka. Chaka cha 2024 chomwe chija, boma likulengeza za ngozi ya chilala m'maboma 23 mwa 28, nyanja inadzaza mpaka kulowa m'malo ogona alendo ku Mangochi. Kuno magetsi akazima kapena pampu ikafa, ndiye kuti mipopi yauma. Damu la Mudi ndi laling'ono, ndipo paipi ya ku Likhubula ku Mulanje imangothandizirako.

Nabanda wa ku 25:
Achimwene, si onse amakhala ku Blantyre. Ife a Lilongwe timamwa mtsinje wa Lilongwe, kuchokera m'madamu awiri a Kamuzu ku Malingunde. Mvula ikavuta kuno timaimva ndithu. Amene analipo 2016 akukumbuka, madamu anatsika, madzi tinkalandira mwa masiku. Ku Zomba amadalira Mulunguzi, ku Mzuzu Lunyangwa. N'chifukwa chake a Nachisale afunsa mzinda, yankho limasiyana.

Mzika Yokwiya:
Mwatchula 2016, zikomo. Nanga mtsinje wa Lilongwe umachokera kuti? Ku Dzalanyama! Nkhalango imene tikuimaliza ndi makala mpaka mu 2015 anachita kutumizako asilikali kukalondera mitengo. Khoma la damu loyamba analikweza, chabwino, koma damu lalitali pansi pa phiri lometedwa lidzadzaza matope. Paipi yochokera kunyanja ku Salima papita zaka zingati tikungoimva pa wailesi? Anthu mumzinda akuchuluka tsiku ndi tsiku. Ine ndikuti chaka chilichonse akuluakulu a mabungwe amenewa aziitanidwa pabwalo, pamaso pa anthu, atiuze m'damu mwatsala madzi ochuluka bwanji, otayika m'njira ndi angati, ndi maofesi ati a boma amene sakulipira ngongole zawo. Mayi wa mandasi akachedwa kulipira amamudulira. Nanga akuluakuluwo?

Wakabaza Wapatauni:
Bwana Mzika, nsima ya kwanu amaphikira chiyani? Musatinamize kuti ndi gasi.

Mzika Yokwiya:
Nkhani si ya mbaula yanga. Ndikunena za ndondomeko ya dziko. Munthu sasiya makala ngati magetsi ndi gasi sangazikwanitse, zimenezonso ndi mafunso ofunsa boma lomwelo.

Anaphiri a Cape Town:
Ine ndinali kale kuno nthawi ya Day Zero mu 2018, pamene mipopi ya mzinda uno inatsala pang'ono kuumiratu chifukwa cha chilala. Zinali zowawa, munthu mmodzi malita 50 patsiku, madzi osambira tinkasunga kuti tithire kuchimbudzi, damu la Theewaterskloof linasanduka mchenga mbali yaikulu. Koma chimene ndinachiona n'chakuti a mzinda ankalengeza sabata iliyonse kuti m'madamu mwatsala madzi ochuluka bwanji ndipo tonse tagwiritsa ntchito angati. Ngakhale mabwana amene ndinkawagwirira ntchito anasiya kuthirira maluwa, oyandikana nawo ankawayang'ana. Munthu umapirira ukamaona manambala ndiponso ukamaona kuti wolemera naye akupirira. Kumudziko chimene chimapweteka ndi kungokhala mumdima.

Mnyamata wa pa Ndirande:
Anthu a kunja mwayambapo. Tumizani ma rand tigule thanki, za Cape Town sizitunga madzi kuno.

Anaphiri a Cape Town:
Achimwene, amayi anga ali konko ndipo ndalama ya madzi ndimatumiza ndine. Ndili ndi pakamwa pa nkhaniyi.

Make Tadala:
Amayi inu ndakumvani mpaka misozi. Ife zinatichitikira nthawi ya kolera ija, imene inapha anthu oposa 1,700 kuyambira 2022 mpaka 2023. Mipopi itauma tinayamba kutunga pachitsime cha kudambo, pafupi ndi zimbudzi. Mwana wanga wachiwiri anatsekula m'mimba usiku, pofika kuchipatala maso atalowa. Anachira, Mulungu ndi wabwino, koma sindidzaiwala. Chonde kulikonse kumene mukutunga masiku amene mpopi wauma, thirani klorini kapena wiritsani, makamaka inu ophika zogulitsa. Bilu mudzakangana nayo muli moyo.

Mlembi Wopuma:
Ndaona a Mzika akuti palibe kolowera. Makomo alipo, kungoti amafuna pepala. Yambani ndi ofesi ya madzi ya m'dera lanu. Lembani kalata yaifupi, muikemo nambala ya akaunti, manambala a pa mita a tsiku limenelo ndi masiku amene madzi sanatuluke. Pemphani kuti adzaone mita ndiponso akuuzeni ngati bilu anachita kuwerenga kapena anangoyerekeza. Kalatayo ikhale pawiri, ina akudindireni mubwere nayo. Mukangodandaula pakamwa pawindo, mawa palibe amene adzakukumbukeni.

Za kagawidwe ka madzi, lamulo la Access to Information linayamba kugwira ntchito mu September 2020. Muli ndi ufulu wopempha ndondomeko yogawira madzi m'dera lanu, ndipo akuyenera kukuyankhani pasanathe masiku 15 ogwira ntchito. Akakana, a Malawi Human Rights Commission ndi amene amayang'anira lamulo limeneli. Ngati dandaulo lanu angolikhalira, pitani kwa Ombudsman, salipiritsa. Kulinso a Competition and Fair Trading Commission ndi a CAMA (Consumers Association of Malawi) pa nkhani za ogula. Mukasaina anthu ambiri a m'dera limodzi, khansala ndi phungu wanu n'kulandirako kope, kalata imalemera.

Mzika Yokwiya:
Madala, zonsezo ndi zoona papepala. Koma taonani mmene mwamuyendetsera mayiyu, maofesi asanu, minibasi ulendo uliwonse, mandasi aphika nthawi yanji? Ndi chimene ndikunena ine. Pakufunika bungwe limodzi loima palokha loona za mitengo ya madzi ndi madandaulo a anthu, lokhala ndi mano. Aphungu athu akudziwa zimenezi.

Mlembi Wopuma:
Pamenepo sitikutsutsana, bambo. Koma mayiwa akufuna chochita sabata ino.

Mayi wa pa Kiyosiki:
Ine ndimagulitsa madzi pa kiyosiki ya Water Users Association, ndipo anthu amatitukwana ngati ndife tatseka. Nafenso timadikira paipi yomweyo. Za kapinga wa kumipanda musafulumire kuweruza, ambiri ali ndi mathanki a pamwamba, ena anakumba mijigo yawo. Koma thanki ikamadzaza madzi akangobwera, a kumapeto kwa paipi ndi a pamtunda amalandira mochedwa, n'zoona. Misonkhano ya association ikaitanidwa mumabwera anthu ochepa, pamene ndi pomwe mukanafunsa mafunso ngati amenewa.

Nachisale:
Eni nkhani mwapita kuti? Mita ili m'dzina la ndani?

Membala wobisa dzina:
Pepani ndinali pamoto. Zikomo nonse, kupatula amene akuti ndayanika banja, inu simukudziwa zimene ndikudutsamo. Mita ndi ija yowerenga, koma ili kuseri kwa nyumba ya alandilodi, mkati mwa mpanda wawo. Pa poloti pano tilipo mabanja asanu ndi limodzi, mpopi ndi umodzi wa panja, iwo okha ndi amene ali ndi madzi m'nyumba. Pakutha pa mwezi amangotiuza kuti khomo lililonse lipereke zakuti. Pepala la bilu sindinalionepo chilowereni. Ndipo mayi wa beseni uja ndi amene amasiya mpopi wotsekula usiku, ndinamuuzapo anandiyankha mwano.

Plamba wa ku Chilomoni:
Aaa asisi, mukanayamba ndi zimenezi! Mwina a madzi sanakweze n'komwe.

Mlembi Wopuma:
Ndiye kalata ija iimeni kaye. Ofesi ya madzi imadziwa mwini akaunti, inu sikudziwani. Gwirizanani malendi nonse, mupite limodzi kwa eni nyumba mwaulemu, mupemphe kuona bilu ya miyezi itatu yapitayi. Pabilu pamalembedwa madzi amene agwiritsidwa ntchito mwezi umenewo ndi ngongole yakale ngati ilipo. Mukapeza kuti bilu ndi yokweradi, eni nyumbawo ndi amene alembe dandaulo, inu musaine ngati mboni. Kupempha ndondomeko yogawira madzi kokha mungathe panokha, sikufuna akaunti.

Mzika Yokwiya:
Mwaonatu! Kuyambira pa poloti mpaka ku Capital Hill matenda ndi amodzi, wolipira saonetsedwa pepala. Ndipo mabanja asanu ndi limodzi pa mita imodzi, pamene mtengo wa madzi a pakhomo umakwera ukamagwiritsa ntchito ambiri, ndiye kuti osauka akulipira pa mlingo wa anthu a mathanki. Zimenezi aphungu anazifunsapo?

Wakabaza Wapatauni:
Bwana Mzika imani 2030, voti yanga muli nayo, bola mutiuze za mbaula ija.

Membala wobisa dzina:
A Mlembi, kupita limodzi ndi mayi ujayo ine ayi, mwina ndipite ndi enawo. Koma alandilodi athu ndi aukali, mwezi wa June anathamangitsa mnyamata wina chifukwa chofunsa za magetsi. Akandiuza kuti ndisamuke nditani, poti nyumba zikusowa chonchi? Alipo amene anafunsapo bilu kwa eni nyumba osathamangitsidwa, munayamba bwanji?