Foni ya batire losachotseka: ndigule kapena ndisiye?

Muli bwanji nonse pagulu pano? Abale, ndithandizeni nzeru.

Kuyambira 2016 ndakhala ndi Samsung Galaxy J5, ija ya batire la 2600 mAh lochotsa. Mabatire ndili nawo awiri. Magetsi akathima kuno ku Area 25, ndimangotsegula kumbuyo ndi chikhadabo, kuika linalo, basi makasitomala anga a nkhuku akundipezabe. Koma foniyi yakalamba, malo ake a 8GB adadzaza kalekale.

Ndayesa kufufuta zithunzi, kuika memory card, mpaka kukaiflashitsa kwa wokonza mafoni, koma ikuchedwabe. Ndazungulira mashopu a ku Old Town kufuna yatsopano ya batire lochotsa, ndangopeza timafoni tamabatani.

Mtima wanga uli pa Galaxy A15, ya batire la 5000 mAh, koma lomatiridwa mkati. Chikundidetsa nkhawa n'chakuti likayamba kufooka pakatha zaka ziwiri kapena zitatu, kapena likatupa, nditani? Inu amene munasinthitsapo batire lotere, zinakudyerani ndalama zingati? Atatenthetsa kumbuyo n'kutsegula, kunamatikanso bwinobwino? Nanga power bank imakufikitsani madzulo tsiku lopanda magetsi?