Kodi mawu akuti napping pa Chichewa tinganene kuti chani?

Mayi_wa_awiri

Abale ndithandizeni. Kuntchito kwathu timagwira mashifiti ausiku nde abwana andipatsa kapepala kachizungu kuti ndikamasulire m'Chichewa kuti anzanga onse azitha kuwerenga, nkhani yake ndi ya kagonedwe ka anthu ogwira ntchito usiku. Zambiri zayenda bwinobwino koma mawu akuti napping andiimitsa mutu ndipo akubwera ka 7 pa tsamba limodzi. Poyamba ndinalemba kusinza, koma nditawerenganso chiganizo chonse zikumveka ngati tikuuza anthu kuti azisinza pantchito, pomwe ena mwa iwo amayendetsa makina. Ndikalemba kugona munthu aganiza zofunda bulangete mpaka kuche. Palinso ena akuti doze, snooze ndi power nap, kodi zonsezi n'chimodzimodzi?

Mphunzitsi_wopuma

Mayi, mwachita bwino kukayikira. Kusiyana kwake kwagona pa kufuna kwa munthu. Wosinza, kapena tinene wowodzera, sanafune kugona ayi, tulo tangomuba ali chikhalire, mutu ukupita kutsogolo pang'onopang'ono mpaka zyoli, kenako dzidzimu n'kuyang'ana uku ndi uku ngati pali wamuona. Chimenecho azungu amati doze off kapena nod off. Koma nap munthu amachita kukonza yekha, amasiya zomwe akuchita, n'kupeza pogona, akudziwa kuti adzuka posachedwa apitirize ntchito. Ife tilibe liwu limodzi loti lilowe pamenepo ndendende, timazungulira: ndigoneko pang'ono, ndipezeko katulo, nditsinzineko. Kamawu ka -ko kameneko ndi kamene kakunyamula tanthauzo lonse, yerekezani ndikagone ndi ndikagoneko mumva nokha. Ena amati ndiwongoleko msana koma kumeneko munthu atha kungogona chagada maso ali psuu osapeza tulo, nde musagwiritse amenewo.

Liwulo ndi lakale ndithu, linachokera ku Chingelezi chakalekale hnappian. Ana asukulu ankakonda kundifunsa ngati likugwirizana ndi kidnap (kuba munthu), ayi, nap wa mu kidnap ndi wina, tanthauzo lake ndi kugwira kapena kutsomphola. Snooze ndi pafupifupi nap yemweyo kungoti ndi kayankhulidwe kocheza, n'chifukwa chake batani lija la alamu pafoni analitcha choncho. Palinso siesta, kugonako masana, liwuli ndi la Chisipanishi, linachokera ku Chilatini sexta, ola lachisanu ndi chimodzi kuwerenga kuyambira dzuwa litatuluka, ndiye kuti dzuwa lili paliwombo. Ine ndikanalemba katulo kamasana.

NesiWausiku

Aphunzitsi zonse mwanenazo ndagwirizana nazo kupatula chomalizacho. Katulo kamasana sikagwira apa chifukwa kapepalako ndi ka anthu a shifiti yausiku, nap wawo amachitika mwina 2 kapena 3 koloko usiku pa nthawi yopuma, kapena madzulo asananyamuke kupita kuntchito. Mukalemba masana mwawataya.

Chimene ndikupempha mayi musachisiye ndi nambala ya mphindi, chifukwa pamenepo m'pamene pali nkhani yonse. Tulo timayenda m'magawo, timayamba topepuka, kenako timalowa tofa nato, kenako gawo lija timalota kwambiri, ndipo kuzungulira konseko kumatenga mphindi ngati 90. Ukagona mphindi 10 mpaka 20 umadzuka usanamire, mutu umakhala wopepuka. Koma ukapitirira kufika mphindi 45 kapena ola alamu imakupeza uli pansi penipeni nde umadzuka thupi lili lendee, m'kamwa mowawa, osadziwa kuti lero n'lachingati, chimenecho achipatala amati sleep inertia ndipo chimatha kukugwira mpaka theka la ola. Ine zinandichitikira ndili watsopano pantchito, ndinagona ola lathunthu pa buleki, podzuka ndinagwira faelo ya wodwala n'kuwerenga mzere umodzi katatu osamva kanthu, ndinachita kukasamba kumaso ndi madzi ozizira kaye ndisanakhudze mankhwala a munthu. Chiyambire tsiku limenelo alamu yanga ndi mphindi 20 basi.

Power nap ndi kameneko, katulo kakafupi kochita kuyeza. Amene anatchukitsa mawuwo ndi James Maas wa ku yunivesite ya Cornell ku America. Ndipo a NASA, bungwe la ku America loona za mumlengalenga, anachitapo kafukufuku amene anatuluka mu 1995 pa oyendetsa ndege za maulendo ataliatali, ankawapatsa mphindi 40 zopuma ali m'ndege momwemo, iwo n'kumagona pafupifupi mphindi 26, ndipo anapezeka kuti ankakhala tcheru kuposa anzawo amene sanagoneko, makamaka nthawi yotera.

Dalaivala_wa_thiraki

Ine za magalamala sindidziwa zambiri koma kusiyana kwa kusinza ndi kugonako ndinakuphunzira pa chiwongolero. Usiku wina cha m'ma 4 koloko ndinali nditayasamula kambirimbiri, m'maso muli ngati mwalowa mchenga, ndikumadziuza kuti ndifike kaye potsitsa katundu. Ndimakumbukira kuona chikwangwani patsogolo, chotsatira ndinangomva matayala akulira pa miyala kunja kwa tara, chikwangwani chija chili kumbuyo. Sindinamve olo pang'ono kuti ndatsinzina. Werengani nokha, galimoto ikamathamanga 100 pa ola, masekondi 4 okha yayenda mamita oposa 100 popanda woiyendetsa. Azungu amati microsleep ndipo kutsegula windo kapena kukweza wailesi sikuthandiza, ndinayesa zonsezo. Pano ndikangoyasamula kawiri katatu ndimaimika pamalo abwino, kukhoma zitseko, kugwetsa mpando, chipewa kumaso. Nthawi zina ndimamwa khofi kaye kenako n'kugonako pompo, poti khofi amatenga mphindi 20 kapena 30 kuti ayambe kugwira nde umadzuka iye akuyamba kumene. Mayi lembani momveka kuti kugonako ndi kumene kumaletsa kusinza, anthu amakina amve zimenezo.

Chimzy_09

Ndiwonjezereko kamodzi, mukakumana ndi caught napping musamasulire za tulo zenizeni. Amanena munthu amene wapezeka asali tcheru, mu mpira amakonda kunena defence ikatayilira mpaka kugoletsetsa chigoli. Chosangalatsa n'choti ifenso timatero, timati otchinga kumbuyo anagona, olo kumuuza mnzako kuti aise usagone mwayi ukudutsa, olo kunena kuti uyu ndi wogona. Apa zilankhulo ziwirizi zinakumana zokha. Palinso catnap, kuchokera ku mmene mphaka amagonera pang'onopang'ono tsiku lonse khutu lili tcheru. Nanga kugonereza aphunzitsi, kumalowa pati?

Mphunzitsi_wopuma

Kugonereza ndi oversleep mwanawe, kupitirira nthawi yodzukira, ndi chimene anesi akuchenjezacho. Ndipo anesi mwandikonza bwino, za masana ndabweza, ndimaganiza za ife ogona usiku.

Mayi_wa_awiri

Zikomo kwambiri nonse, mwandimasula. Ndalemba chonchi: "Pa nthawi yopuma, gonaniko pang'ono mwadala, mphindi zosapitirira 20, ndipo tcherani alamu. Mukadzuka dikirani kaye mutu upepuke musanagwire makina." Pomwe panali doze off ndaika kusinza ndipo ndakuika pa mndandanda wa zizindikiro zoopsa limodzi ndi kuyasamula pafupipafupi ndi kulemera kwa zikope. Adalaivala, nkhani yanu ija ya chikwangwani ndikufuna ndiwafotokozere anzanga pa miting'i ya Lolemba osatchula dzina, mundilola?

Dalaivala_wa_thiraki

Afotokozereni mayi, palibe vuto. Muwauzenso za masekondi 4 aja.