Kodi sitima zoswa madzi oundana sizisokoneza zimene asayansi akupima?

Akuluakulu, ndikupempha thandizo kwa inu amene munaphunzira sayansi ya nyanja kapena munagwirapo ntchito m'sitima za kafukufuku.

Ndakhala ndikuwerenga za sitima ya ku Germany yotchedwa Polarstern, imene mu 2019 inalowa dala m'madzi oundana a m'nyanja ya Arctic, kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi, n'kukhala mmenemo pafupifupi chaka chathunthu, ikutengeka pang'onopang'ono ndi madziwo pa ulendo wa kafukufuku wotchedwa MOSAiC. Ndamvetsa kuti sitima zoterezi sizidula madzi oundana ngati mpeni, koma kutsogolo kwake kumakwera pamwamba pa madziwo n'kuwaswa ndi kulemera kwa sitimayo. Pamenepa ndi pamene mutu wanga waima. Ngati sitima ikuphwanya madzi oundana, injini zikulira ndiponso utsi ukutuluka, asayansi amatsimikiza bwanji kuti kutentha kwa madzi, kuchuluka kwa mchere ndi mpweya umene akupima n'zachilengedwe, osati zoyambitsidwa ndi sitimayo? Kodi kuika zipangizo patali pa madzi oundanawo kumakwanira, makamaka mphepo ikatembenuka n'kubweretsa utsi pa zipangizozo?

Funso lachiwiri likukhudza chiboo chimene chili pansi pa sitima ya ku Britain yotchedwa Sir David Attenborough, chimene amatsitsirapo zipangizo m'nyanja pamene mbali zonse za sitimayo zatsekedwa ndi madzi oundana. Ndikufuna kudziwa ngati mabotolo otungira madzi akuya amadutsa pamenepo popanda chingwe chake kukodwa, komanso chimene amachita zidutswa za madzi oundana zikalowa m'chiboocho. Nkhaniyi ikundikhudza chifukwa zimene timauzidwa za kusintha kwa nyengo zimadalira kwambiri miyeso imeneyi.