Top ya gitala ya Sitka yapindika, ndiike cedar?

Nsambo6: Akuluakulu ndithandizeni, mutu waima. Kasitomala akufuna dreadnought (gitala ya thupi lalikulu) ya nsambo zachitsulo, amaimba ndi zala, pick sagwira. Top (thabwa lakumaso kwa gitala) ya mtengo wa Sitka spruce ndinaijoina Lachiwiri, lero ndapeza yapindika ngati mbale. Ndili ndi western red cedar, ndikaigogoda ikulira bwino zedi koma ndikuchita nayo mantha. Kumbuyo ndi m'mbali ndinakonza mahogany, iye wakakamira rosewood. Ndiyambire pati?

Mpalamatabwa: Chinyezi munayeza? Thabwa la top lizikhala pa 6 mpaka 8 peresenti, ndipo ligone m'shopu mwanu milungu ingapo musanalikhudze. Mwina mwaliyala pabenchi, mbali imodzi yokha ndiyo ikupuma. Liimikeni mpweya uzipita konsekonse, kawirikawiri limabwerera.

Gogo_Torres: Za rosewood musataye nazo tulo achimwene. Mu 1862 mmisiri wa magitala wa ku Spain, Antonio de Torres, anapanga gitala, kumbuyo ndi m'mbali anaika mapepala omata, ndipo inalira. Mawu ali pa top.

Kabrace: Cedar kwa woimba ndi zala ndi yabwino, imayankha msanga ngakhale mungoikhudza. Koma ndi yofewa koopsa. Ine kadontho ka guluu wouma kanali pansi pake pabenchi, kanasiya dzenje pafupi ndi soundhole (bowo la pa top), ndinathira madzi ndi kusita mpaka usiku. Sesani benchi kawiri. Cedar muisiyenso yonenepako kuposa spruce, nsambo zachitsulo zimakoka makilogalamu pafupifupi 70. Ndipo bridge (kathabwa komangirirapo nsambo pa top) pa cedar imakonda kumatuka ikapanda kumatidwa bwino, imachoka ndi nyama yomwe ya thabwa.

Mpalamatabwa: Rosewood yake iti? Ya ku Brazil ili pa CITES Appendix I (mndandanda wa mitengo ndi nyama zotetezedwa kwambiri pa malonda a pakati pa mayiko) kuyambira 1992, popanda mapepala musayerekeze. Ya ku India ndiye yotheka, komabe matabwa ake podutsa malire amafuna mapepala.

Gogo_Torres: Mapepala omwewo Torres anapangira gitala.

Kabrace: Bambo, ya Torres inali ya nsambo za matumbo, si dreadnought. Mahogany ndi rosewood sizilira mofanana, khutu limamva.

Gogo_Torres: Mumangeni m'maso kasitomalayo, mum'patse ziwiri aimbe. Akalozera rosewood ndisiya ntchito. Mawu ali pa top ndi ma brace (timitengo tolimbitsa top m'kati), basi.

Chipanera: Ine chimene chinandiliza ndi runout, ulusi wa thabwa woyenda mopendekera m'malo motsata nkhope yake. Thabwa looneka bwino, mizere yowongoka, quartersawn ndithu (mizere yoimirira mukaona kumapeto kwa thabwa), koma pulena ikuyenda mbali ina bwinobwino, mbali inayo ikung'amba. Nditapaka vanishi theka linawala, theka linada. Mwini wake anaibweza. Cedar yanuyo muione pa kuwala musanadule. Fumbi lakenso limayabwa pakhosi, valani chotchinga kumphuno.

Nsambo6: Chinyezi sindinayeze, mita inafa batire. Ndiona mawa.

Gogo_Torres: Muyeze top. Zakumbuyo zisiyeni.

Chipanera: Pajatu alipo anayesapo kupinda mbali za sapele osathyoka? Zanga ziwiri zaduka pa waist (m'chiuno mwa gitala) sabata ino.