Tayala lakutsogolo la ndege ya Cessna 172 likunjenjemera nditatera moipa

Moni nonse akuluakulu. Ndathedwa nzeru, ndithandizeni.

Sabata yatha ndinkatera ndi Cessna 172 pakabwalo ka udzu ka pafamu ya mnzanga, kotalika mamita 600, mvula itangokata kumene. Ndinabwera ndi liwiro lochuluka, ndege n'kunjanja kawiri, kachitatu n'kugunditsa tayala lakutsogolo. Palibe anavulala, koma chichokereni tsikulo tayalalo limanjenjemera ndikamathamanga pansi, mpaka mapedulo kugwedera kumapaziku.

Makaniko wasintha shimmy damper (kachipangizo koletsa tayala kunjenjemera), wapopa tayala, wamangitsa ma torque link (tizitsulo togwira mwendo wa tayalalo kuti usapotoloke). Sizinasinthe. Firewall (chipupa chachitsulo cholekanitsa injini ndi mokhala anthu) akuti ili bwinobwino, komatu anangoiunika ndi tochi basi, ine mtima sunakhazikike.

Amene zinakuchitikiranipo, vuto munalipeza pati? Nanga poti nsonga ya propela inapala dothi pang'ono, injini imasulidwe? Ndegeyo ndayamba ndaiimika.