Ndithandizeni: munthu wachilendo akuvutitsa mwana wanga pa foni

Moni nonse akuluakulu, makolo anzanga. Ndabwera ndi vuto lomwe landisowetsa tulo.

Mwana wanga wamkazi wa zaka 13, yemwe ali Fomu 1 kuno ku Blantyre, wakhala akulandira mauthenga kuchokera kwa bambo wina amene sitikumudziwa. Anayamba ndi kumutumizira mayunitsi, pano akumupempha zithunzi. Foni yake ndi ya Android, ndinamugulira kuti azichitira za kusukulu.

Tinamubuloka bamboyo, koma anatsegula akaunti ina. Tinachita lipoti kawiri pa pulogalamu yomwe amatumizirapo mauthengawo, palibe chasintha. Ndinayesa kumulanda foni mwanayo, koma amakalowa pa foni za anzake, ndipo ndaona kuti kumulanda kukungomuchititsa kundibisira zinthu. Zimenezi ndi zomwe zikundiopsa kwambiri.

Ndamva kuti ku Australia kuyambira pa 10 December 2025 ana osafika zaka 16 saloledwa kukhala ndi akaunti pa TikTok, Instagram ndi Facebook. Ena akuti nkuphera ana ufulu, koma ine pano ndikuwamvetsa makolo a kumeneko.

Funso langa ndi ili: kodi lamulo lathu la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security lingagwire ntchito pa nkhani ngati iyi? Ndiyambire ku Victim Support Unit ya polisi, ku MACRA (bungwe loyang'anira za mafoni ndi intaneti), kapena ndiimbe kaye 116, nambala yothandiza ana? Ma screenshot ndi manambala onse ndasunga, kodi akukwanira ngati umboni?

Amene munadutsamo, chonde ndiuzeni munayenda bwanji.