Camshaft iti yoti Hilux ya 22R izikoka ikasenza katundu?

Bambo_a_Tada, Area 25

Akuluakulu ndigawireniko nzeru. Ndili ndi Hilux yakale ya injini ya 22R, ya kabuleta, ndi imene ndimatutira chimanga ndi soya kuchoka ku Mitundu, nyengo ya fodya imapitanso ku Kanengo ndi mabelo. Vuto ikasenza ikumafooka kwambiri ma rev akakhala pansi, ponyamuka pa maloboti mpaka kulatchi kununkha, zitunda zopita ku Dedza ndikumakwera pa giya 2 pomwe kale inkakwera pa 3 bwinobwino. Makaniko atatsegula kavala ya pamwamba wapeza kuti camshaft, chitsulo chozungulira chimene chimatsegula mavavu, yadyeka malo awiri ndiye yofunika ina. Pali mnyamata wina amaoda ma spare ku Joni akuti andipezera cam ya 280, akuti galimoto izidzauluka. Ine zouluka sindikuzifuna, ndikufuna izikoka basi. Nditenge imeneyo kapena ndisake yanji?

Madala_wa_ku_Biwi

Achimwene ya 280 yo isiyeni chonde, mudzalira nayo. Nambala imeneyo, amati duration, ikunena madigiri amene vavu imakhala chitsegukire injini ikamazungulira, ndiye ikachuluka vavu yolowetsa mpweya imachedwa kutseka, pisitoni imakhala yayamba kale kukwera vavu idakali yotsegula. Pa 5,000 rpm zilibe kanthu chifukwa mpweya ukubwera ndi liwiro umangolowabe, koma pa 1,500 kapena 2,000 pomwe inuyo mumagwirira ntchito pisitoni imabweza mpweya wina kunja ndipo mu silinda mumatsala zochepa zoti ziphulike. Mphamvu yokoka imathera pamenepo. Komanso cam yotere idling imakhala yogwedera, vacuum, kuyamwa mpweya kwa injini kuja, imatsika, ndipo buleki yanu imadalira vacuum yomweyo, ganizani mwasenza matumba mukutsetsereka buleki yalimba ngati mwala.

22R ndi 2.4 ndipo a Toyota anaipangira ntchito imene mukuchitayo, mphamvu yake yokoka imafika pachimake cha m'ma 2,800 rpm ndi cam yake yomwe inabwera nayo. Ine ndinganene kuti pezani ya standard yatsopano kapena ya pa injini ina yosadyeka. Ngati mukufunadi yosinthako, afunseni ogulitsawo duration yoyezedwa vavu itatseguka 0.050 inchi, osati nambala yayikulu yotsatsira malonda ija chifukwa kampani iliyonse imayeza mwake. Yokokera pansi izikhala cha m'ma madigiri 200 mpaka 215, lift, kutanthauza kukula kwa katsegukidwe ka vavu, yokwererako pang'ono. Ikadutsa 225 imeneyo ndi ya anyamata a mpikisano.

China musaiwale, Lilongwe ili pamtunda, mamita opitirira 1,000 kuchokera pomwe pali nyanja yamchere, Dedza kuposanso apo. Mpweya kuno ndi wopepuka, injini yopanda turbo imataya pafupifupi 10 peresenti isanayambe n'komwe ntchito. Cam imene munthu wa ku Durban, m'mbali mwa nyanja yamchere, akuitama kuno izakhala yaulesi kwambiri.

Nachisale

Bambo a Tada, matayala mwavala saizi yanji? Ndikufunsa dala. Ife kwathu tili ndi mapikapu awiri a hayala ndipo ndaona anthu ambiri akuthira ndalama mu injini vuto lili kumatayala. Tayala likakula galimoto imaoneka bwino koma giya iliyonse imakhala ngati yatalika, kunyamuka ndi katundu kumavuta. Muonenso kabuleta ndi timing ya moto musanagule kanthu.

Mjomba_4x4

Madala anena zoona pa 280 koma pa standard po ine ndisiyana nawo pang'ono. Poti cam yafa kale ndipo mugulabe ina, zilipo zopangidwira kukoka, ena amazitcha torque cam kapena RV cam, duration yaifupi koma vavu imatseguka mokulirapo, LSA, kutanthauza madigiri a pakati pa lobe (kabampu ka pa cam) yolowetsa ndi yotulutsa, cha m'ma 110 mpaka 112. Kusintha kwake sikodabwitsa ayi koma kumamveka pachitunda, bola ekizozi isakhale yotsekeka. Chachikulu ndi kamangidwe. Cam yatsopano osaiyika pa ma rocker akale odyeka, ija cam imakankha kuti mavavu atseguke, amaidya mwezi usanathe, gulani atsopano kapena akawapale pa makina. Pakani mafuta omangira pa ma lobe onse, oyilo akhale wa zinc wambiri, ndipo mukaliza koyamba musaisiye pa idling, igwireni pa 2,000 mpaka 2,500 rpm kwa mphindi 20 muzisinthasintha pang'ono. Kenako ma tapeti, mpata wa mavavu uja, muchune injini ili yotentha, 0.20 mm yolowetsa, 0.30 mm yotulutsa. Amakaniko ambiri amangochuna ndi khutu, muumirire feeler gauge, tizitsulo topyapyala toyezera mpata.

Bambo_a_Tada, Area 25

Zikomo nonse, ya 280 ndamuuza kale mnyamata uja asiye. Mayi Nachisale matayala ndi 235/75R15, inabwera ndi 195R14 koma misewu ya kumudzi nthawi ya mvula pansi pamagunda. Madala, hedi inapalidwapo kawiri itawira, tcheni chokha sichinasinthidwepo chiigulire ndipo mmawa ikangolira pamamveka kaphokoso kutsogolo kenako kamasiya. Zimenezi zikukhudzana?

Madala_wa_ku_Biwi

Eya apo ndiye mwanena nkhani yeniyeni. Pa 22R cam ili pamwamba mu hedi ndipo imayendetsedwa ndi tcheni kuchokera ku crank. Mukapala hedi mtunda wa pakati pa ziwirizi umafupika, tcheni chimakhwepa, tensioner, chokungira tcheni chija, imakoka kukhwepako mbali imodzi ndipo cam imatsalira mmbuyo madigiri angapo. Onjezani tcheni chotanuka ndi ukalamba, ikutsaliranso. Cam yotsalira ndiye kuti vavu ikuchedwa kutseka, matenda omwe aja ndimanena a 280, mwakhala mukuyenda nawo osadziwa. Kaphokoso ka mmawa ndi tcheni chikumenya oyilo asanafike ku tensioner, ndipo ma 22R ambiri a tcheni cha mzere umodzi ma guide ake, motsetserekera tcheni muja, ndi a pulasitiki, akathyoka tcheni chimapala kavala ya kutsogolo mpaka kuboola njira ya madzi, madzi n'kusakanikirana ndi oyilo. Musazengereze nazo, gulani kit yonse, tcheni, magiya ake, tensioner ndi ma guide, akapezeka a chitsulo ndiye bwino. Mutsegulenso sampu muone ngati mulibe zidutswa za pulasitiki zotseka sefa ya pampu ya oyilo, mwina n'zimene zinadyetsa cam yanuyo.

Pa hedi yopalidwa kawiri pezani giya ya cam yosunthika, ija amati vernier, makaniko abwezere cam pamalo pake ndi degree wheel, gudumu loyezera madigiri, akafuna aitsogoze madigiri 2 mpaka 4 kuti mphamvu yokoka izibwera pa ma rev apansi. Osapitirira apo, ndipo ayeze mpata wa vavu ndi pisitoni. Compression yanu yakwera kale ndi kupalako ndiye mukaimva ikugogoda pachitunda bwezani timing ya moto pang'ono. Musanamasule chilichonse yezani compression masilinda onse anayi, akasiyana kupitirira 10 peresenti maringi kapena mavavu akufunikanso ntchito, cam payokha siingathandize.

Nachisale

Matayala amenewo ndi aakulu ndi pafupifupi 10 peresenti poyerekeza ndi 195R14, ndipo mphamvu yofika pansi yatsika chimodzimodzi. Ngati simukufuna kubwerera ku aang'ono werengani kachitsulo ka galimotoyo muone difu ndi yanji, ikakhala 4.10 sakani 4.56 kwa ophwasula magalimoto. Musanapereke ndalama muwerenge nokha mano a crown ndi pinion, magiya awiri a mu difu, 41 ndi 9 ndiye 4.56.